Ndidabisa Injini Yaikulu M'gulu la Njinga Zazing'ono

Ndiyambe n'kuvomera, chifukwa ndatopa nako kuzungulira. Alamu anga sayendanso, ndipo amene adawalumaza ndine, ndi manja anga omwewa ndi sipanala zanga zomwe. Mkazi wanga ndi ana anga atatu ali moyo, koma sindikhala nawonso. Inu owerenga, makamaka inu amene anzanu adakukhulupirirani nakupatsani udindo woweruza pamasewera, khalani pansi mumve zimene zidandigwera. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni ayi, ndikungofuna mumve.

Ine ndine makaniko wa njinga zamoto. Kwathu n'kumadzulo, njira yopita ku Lifupa, koma ndidakwatira kufupi ndi Lisasadzi, ndipo ndidakhala kumeneko pachikamwini zaka khumi ndi chimodzi. Amene adakhalapo mkamwini akudziwa. Munda umalima koma si wako. Makuponi a fetereza akabwera, dzina lolembedwa limakhala la mkazi, ndipo thumba limodzilo mumagawana m'ndowa ndi azilamu, iwe uli chete poti mkamwini asamakule mwendo. Pamene kwathu malo a malemu bambo anga adangokhala tchire, dothi lofiira loti fodya amatalika kuposa munthu. Chimene mtima wanga unkalira usana ndi usiku chidali chimodzi basi: andilole chitengwa, nditenge mkazi wanga Nabanda ndi ana tikakhale kwathu.

Mwini mawu pankhaniyi adali alamu anga a Gelesomu, mlongo wake wamkulu wa Nabanda, poti amalume awo adamwalira kale ndipo mbumba yonse idali m'manja mwawo. Adali munthu wathupi, wanthabwala, koma wosafuna kugonja ngakhale pabawo. Kanayi konse ndidatuma ankhoswe anga kukapempha. Yankho lidali lomwelomwelo, loti tiona fodya akatuluka. Fodya ankatuluka, n'kugulitsidwa, ndalama n'kutha, ine ndili pomwepo.

Zaka zimenezo njinga zamoto zidachuluka kwambiri kudera kwathu. Munthu akangolandira za fodya, choyamba kugula chidali njinga, ena ya kabaza, ena yongodzionetsera. Ndiye Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, anyamata ndi azibambo omwe ankasonkhana pamsewu wa esiteti ina yakale. Msewuwo ndi wowongoka ngati chingwe, kuchokera pachigafa chakugwa mpaka pakamlatho kopapatiza ka simenti. Ankathamanga awiriawiri, kuchoka poima mpaka pamzere, wofika msanga wapambana. Koma abale, ndewu zake! Wa njinga yaikulu ankapambana tsiku lililonse, wa yaing'ono n'kumatukwana kuti waberedwa, ndipo tsiku lina munthu adachoka ndi dzino m'manja.

Amene adathetsa ndewuzo ndine, ndipo ndinkanyada nazo. Ndidagawa njinga m'magulu atatu potsata kukula kwa injini: zazing'ono, zapakati ndi zazikulu. Pofuna kuti wina asaname, ndidadula tizitsulo tozungulira ngati chivundikiro cha botolo, kalikonse muyeso wake. Loweruka lililonse wofuna kupikisana ankabwera ndi njinga yake pakashedi panga, ine n'kutsegula injini anthu akuona, n'kuika kachitsulo pakamwa pa buloko, momwe muyenda pisitoni. Kachitsulo ka gulu lapakati kakalowa mu buloko wa munthu wodzitcha wa gulu laling'ono, ndiye kuti wagwidwa. Ndikamanganso injiniyo, ndinkadontheza pabawuti utoto wofiira wa m'zikhadabo wa Nabanda, kuti wina akatsegula kunyumba tidziwe. Utoto wa mtundu umenewo pamudzi ponse adali nawo ndi iye yekha.

Palinso china chimene ndidakonza, ndipo chimenechi muchigwire bwino. Gulu lililonse lidali ndi mzere wake womalizira. Njinga yaikulu imafika ndi liwiro lalikulu, choncho imafuna malo aatali kuti iime. Ndiye mzere wa zazikulu ndidauika kutali ndi kamlatho kaja, wa zapakati pakati, ndipo wa zazing'ono kufupi ndi mlathowo, poti izo zimaima msanga. Ndidayesa ndekha, kukwera iliyonse, kuponda mabuleki, kuwerenga mapazi, kenaka n'kuthira phulusa pamzere. Palibe munthu pamsewu uja amene ankadziwa chifukwa cha mizereyo kuposa ine. Anthu adayamba kunditcha ajaji, ndipo ngakhale akuluakulu a mpingo ankabwera kudzaonerera.

Chaka chimenecho msika wa fodya utatsala pang'ono kutseka, tidagwirizana zochita mpikisano waukulu. Opikisana adasonkha, ndipo wopambana m'gulu lililonse adayenera kutenga thumba la fetereza ndi mbuzi. A Gelesomu adali m'gulu laling'ono. Vuto lawo lidali bambo wina Mtumbuka wochokera ku Simlemba, a Nyirenda, munthu woonda ngati bango, amene adali atawagonjetsa katatu motsatizana. A Nyirenda sadali oipa, koma pakamwa! Akapambana ankavula chipewa n'kuwauza alamu kuti njinga yawo siilakwa, koma yatopa n'kunyamula mabelo awiri a fodya nthawi imodzi. Anthu ankaseka mpaka kugwa, alamu nawonso n'kumaseka, koma ine ndinkaona kuti kuseka kwawo n'kwa mano okha.

Lachitatu masana, kutatsala masiku anayi, a Gelesomu adabwera pashedi akukankha njinga yawo. Adakhala pachitini cha oyilo, nayang'ana uku ndi uku, kenaka adati, "Alamu, nkhani yanu ija ya chitengwa si yovuta ayi. Koma paja kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Mtumbuka uja asandisekenso Lamulunguli." Sadanene zambiri, ndipo ine sindidafunse zambiri. Tonse tidamvana.

Inu owerenga, ndikadakuuzani kuti ndidalimbana ndi mtima wanga, ndikadanama. Nditangomva mawu oti chitengwa, mutu udaleka kugwira ntchito. Ndidaona ana anga akuthamanga pabwalo la bambo anga, ndidaona Nabanda akuyanika ufa pakhomo loti n'langa. Zaka khumi ndi chimodzi ndikupempha mogwada, lero chitseko chatseguka chifukwa cha kabuloko kamodzi? Ndidati Mulungu wandiyankha. Tangoganizani, kuika dzina la Mulungu pachinyengo!

Lachinayi ndidatseka shedi ngati ndapita kuboma, ine ndili m'kati. Panjinga ya alamu ndidachotsa buloko ndi pisitoni zazing'ono, n'kuika za gulu lapakati zimene ndidatsala nazo panjinga ina yakugwa. Ndidasinthanso kabuleta, chipangizo cholowetsa mafuta mu injini, n'kupala manambala ndi tupa, n'kupaka matope osakaniza ndi oyilo wakuda kuti zioneke zakale. Ndidagwira ntchito yaukhondo ndithu, ndipo maganizo anga onse adali poti ndisagwidwe. Mabuleki ndidawaona kuti adadyeka, koma ndidati ndidzasintha mpikisano ukatha. Za mzere ndi mlatho sizidandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

Nditabwerera kunyumba, Nabanda adaona kabotolo ka utoto katuluka m'thumba la ovolosi. Adandifunsa kuti bwanji ndatenga utoto lero, chikhalirecho Loweruka lisadafike. Ndidamukalipira kuti za kushedi azisiyire amuna. Mkazi wanga sadazolowere kukalipiridwa, ndiye adangondiyang'ana n'kutola mwana kupita panja. Loweruka anthu atabwera ndi njinga zawo, ndidatsegula zonse mmodzimmodzi, koma itafika ya alamu ndidaloza utoto pabawuti n'kunena kuti imeneyi ndayeza kale dzana pamene ndimaikonza. Palibe adatsutsa. Ajaji anganame?

Lamulungu kudadzaza anthu ngati pamsika. Azimayi ankagulitsa mandasi ndi nzimbe, ana atakwera m'mitengo. A Gelesomu adagonjetsa anthu awiri mosavuta, osatsegula n'komwe mafuta onse, ndipo a Nyirenda nawo adagonjetsa awo. Ndiye adatsala awiriwo. Ataima pamzere woyambira, alamu adaliza injini yawo mwamphamvu, ndipo ndidaona a Nyirenda akupendeketsa mutu kumvetsera. Adazimitsa yawo, nandikodola. "Yayi, adada," adatero, "kulira uku si kwa njinga yaing'ono. Tsegulani tione."

Apa ndiye pamene ndidachita chinthu chonyansa. Ndidakweza mawu kuti aliyense amve, ndidati ngati a Nyirenda agwidwa ndi mantha anene, abwerere kwawo akalime, asadetse dzina langa. Anthu adakuwa, ena kuwaombera m'manja monyoza. Bambo uja adangoti chabwino, naliza njinga yake.

Ndidaima pakati pawo ndi kansalu koyambitsira m'manja. Nditakweza dzanja, maso anga adatsetsereka ndi msewu mpaka paphulusa la mzere wa zazing'ono, ndipo kuseri kwake ndidaona zipilala ziwiri za mlatho zili mbuu. Mayo ine! Pamenepo m'pamene ndidakumbukira. Injini ya gulu lapakati, munthu wolemera chotero, mabuleki odyeka, msewu wafumbi, ndi malo oimira a njinga yaing'ono. Ndidawerenga m'mutu ndipo ndidadziwa kuti sizikwana.

Nthawi idalipo, abale anga, idalipo ndithu. Ndikadatha kutsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kunena kuti imani. Ndikadatha kunena kuti lero tithere pamzere wapakati. Koma aliyense akadafunsa chifukwa chake, ndipo a Nyirenda adali atanena kale. Kuvomera pamenepo kukadakhala kuchititsa manyazi mwini mbumba pamaso pa mudzi wonse, ndipo chitengwa chikadathera pomwepo. Ndidaona Nabanda m'gulu la azimayi, mwana wathu wotsiriza ali kumsana. Ndidadziuza kuti alamu ndi munthu wamkulu, aona okha mlatho, achepetsa. Ndidagwetsa nsalu ija.

Alamu adachoka ndi liwiro la mtondo wadooka. Asadafike n'pakati pomwe, a Nyirenda adali atatsalira m'fumbi. Koma alamu sadachepetse. Kusekedwa konse kuja adafuna kukubweza tsiku limodzi, ndiye adatsegula mafuta onse mpaka pamzere, ndipo podutsa paphulusa adatembenuka kuyang'ana m'mbuyo, dzanja limodzi lili m'mwamba. Pamene ankayang'ananso kutsogolo, mlatho udali pamphuno. Tidamva mabuleki akulira, tidaona njinga ikupita cham'mbali, kenaka phokoso loti khoo! pachipilala. Iwo adauluka n'kukagwera chagada pamiyala ya mumtsinje wouma.

Sindikumbuka m'mene ndidathamangira. Ndidawapeza maso ali otsegula, akupuma, magazi ochepa chabe pachigongono. Ndidayamba kuthokoza Mulungu. Kenaka adandifunsa kuti alamu, miyendo yanga ili kuti, ndipo miyendoyo idali pomwepo, ine nditaigwira. Tidawanyamula pachitseko n'kuwakweza lole yonyamula fodya mpaka kuchipatala cha kuboma, ndipo kumeneko adatitumiza ku Lilongwe. Madokotala adati msana wathyoka ndipo sadzayendanso. Adabwerako patatha miyezi iwiri, atawonda, akunyamulidwa ngati mwana.

Miyezi iwiri imeneyo ndidaonda nawo limodzi. Ndidagulitsa makina anga owotcherera zitsulo kuti ndithandize zakuchipatala, ndipo anthu ankandiyamika kuti mkamwini uyu ndi wamtima wabwino. Mawu amenewo ankandibaya. Njinga ija ndidaifunafuna kuti ndibwezeretse zitsulo zake zakale, koma akazi awo a Gelesomu adali ataitsekera m'chipinda chawo, ati safuna kuionanso ndi maso. Kawiri ndidapempha kuti ndikaikonze, kawiri adandikaniza.

Kenaka mudzi udayamba kunong'ona kuti a Nyirenda adachita zamankhwala, ati n'chifukwa chake adayamba azimitsa njinga yawo pamzere paja. Anyamata ena adawatchingira pamsika n'kuwaphwanyira galasi la njinga, ndipo anthu adaleka kukwera kabaza wawo. Ine ndinkamva zonsezi ndili duu, munthu wosalakwa akuvutika m'malo mwanga. Koma a Nyirenda sadali munthu wogona. Tsiku lina m'mawa adafika pamudzi ndi abale awo awiri ndi makaniko wina wa kuboma, napempha mwaulemu kuti njinga ija itulutsidwe, itsegulidwe pabwalo, ndipo ajaji abwere ndi tizitsulo tawo.

Ndidayenda kuchoka kushedi kufika pabwalopo ngati ndikupita kumanda anga. Makaniko uja adamasula mabawuti, nachotsa chivundikiro cha injini, nandiuza kuti ndiike ndekha kachitsulo ka gulu lapakati. Ndidakaika pakamwa pa buloko, ndipo kadangolowa kosakhudza m'mbali, n'kukagwera pamwamba pa pisitoni kuti ngwee. Wina adayesa kunditeteza, adati mwina munthu wina adatsegula ajaji atamata kale. Pamenepo Nabanda adaimirira, misozi ili mbwembwembwe, nanena kuti utoto udachoka m'nyumba Lachinayi, ndipo atafunsa adakalipiridwa. Sindimuimba mlandu. Wogona pamphasa m'nyumba uja adali mlongo wake wa bere limodzi.

Ndidathamangira m'nyumba mwa a Gelesomu n'kugwada pambali pa mphasa yawo. Ndidawagwira dzanja, ndidalira ngati mwana, ndidati alamu, auzeni anthuwa kuti tidapangana, auzeni za chipande cha therere chija, ndapota nanu. Iwo adayang'ana kudenga. Kenaka adati, "Ine ndidangoti Mtumbuka asandisekenso. Za m'kati mwa injini ndimazidziwa ine? Mizere ija adajambula ndani?" Ngakhale adabisa mbali yawo, funso lawolo lidali loona.

Patatha sabata ankhoswe a mbali zonse adakhala pansi. Ine ndidapempha zonse zimene munthu angapemphe. Ndidati za chitengwa ndazisiya, sindidzazitchulanso mpaka imfa. Ndidati ndidzalima munda wa alamu chaka chilichonse, ndidzawasambitsa, ndidzawanyamula kupita nawo kuchimbudzi, ndidzakhala kapolo wa pamudzipo, koma chonde musandichotse pa ana anga. Ndidagubuduka m'fumbi pamaso pa anthu, ine bambo wa ndevu. Ankhoswe anga adayesetsa, ndipo ena a kuchikazi adayamba kufewa.

Koma padali apongozi anga aakazi, mayi amene adabereka Nabanda ndi a Gelesomu. Mwa mwambo wathu, zaka zonsezo iwo ndi ine tidali tisadayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire, ndipo mawu awo ndinkawamvera kuseri kwa nkhokwe. Tsiku limenelo adadzuka pamene adakhala, nayenda mpaka pamene ndidagwada, naima patsogolo panga penipeni, nandiyang'ana m'maso. "Mudaona mlatho musadagwetse nsalu?" adandifunsa. Ndikadatha kunama, koma bodza lidali litandithera. Ndidati ndidauona, amayi. Adangogwedeza mutu nati, "Ndiye dzuwa lisalowe muli pano."

Ndidachoka ndi bokosi la sipanala ndi chikwama cha zovala. Nabanda sadatuluke m'nyumba. Ana aakulu awiri adandiperekeza mpaka pamsewu akulira, azakhali awo n'kudzawabweza. Mpikisano uja udatheratu, ndipo ndidamva kuti ndewu zake zidabwerera kwa kanthawi kenaka anthu adangoleka. Kwa a Nyirenda ndidapita ndekha kukapepesa. Adandipatsa mpando ndi madzi akumwa, koma dzanja langa sadalilandire.

Inu owerenga, chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ngati anzanu akupatsani udindo wogawa magulu pampikisano uliwonse, kaya ndi wa njinga zamoto, wa njinga zakapalasa kapena wa ngolo, dziwani kuti malamulo amene mwaikawo si ongofuna kuti wopambana apambane bwino. Ena mwa iwo ndi amene akusunga moyo wa munthu, ndipo wopikisanayo sadziwa, akudalira inu. Musayeze nokha njinga ya m'bale wanu kapena ya munthu amene ali ndi chinthu chimene mukuchifuna, itanani wina ayeze inu mutaima patali. Wina akadandaula kuti tsegulani tione, tsegulani pomwepo, musamunyoze. Ndipo ngati mwalakwa kale, nsalu ikadali m'manja, imitsani mpikisano. Manyazi a tsiku limodzi ndikadawapirira, pano ndikadakhala ndi ana anga ngakhale pachikamwini pomwepo.

Papita zaka zinayi tsopano. Ndimaloledwa kuona ana kamodzikamodzi, osati pamudzi, koma pansi pa mtengo wa kuseri kwa sukulu yawo. Mwezi wathawu ndidapita ndi tinsapato ta wotsiriza uja, amene adali kumsana tsiku la ngozi. Aakulu awiri adabwera naye kwa nthawi yoyamba, atamugwira dzanja. Ndidatambasula manja kuti ndimunyamule, koma iye adagwada patali mwaulemu, monga amachitira mwana wolangizidwa bwino akaona mlendo, nalandira nsapatozo ndi manja awiri. Kenaka adatembenukira kwa mkulu wake n'kufunsa monong'ona, koma ine ndidamva, kuti abambo amenewa ndi a kwa yani.